Kuyenda wapansi mu mzinda wa Zomba Loweruka ndi Lamulungu: mafunso ndi mayankho

Zomba ndi mzinda womangidwa m'mphepete mwa phiri. Msika, depoti ndi yunivesite zili kumunsi kwa msewu waukulu wa M3, nyumba zakale za boma zili kumtunda kwake, ndipo pamwamba pa zonsezi pali phiri la Zomba. Mayankho ali m'munsimu ndi a munthu amene ali ndi masiku awiri okha, alibe galimoto, koma akufuna kuona tauni yakale komanso kuponda pamwamba pa phiri.

Kodi masiku awiri ndi okwanira?

Ndi okwanira mukawagawa bwino: tsiku limodzi la phiri, lina la m'tauni. Chimene chimasokoneza alendo ambiri ndi kufuna kuphatikiza zonse tsiku limodzi, kuyamba ndi msika m'mawa, kenako kuyamba chikweza dzuwa lili paliwombo. Otero amafika pamwamba atatopa, nthawi itatha, ndipo amatsika mothamanga mdima ukuyandikira, nthawi imene anthu ambiri amabinya mapazi. Ngati mungathe, fikani Lachisanu madzulo kuti Loweruka likhale lathunthu.

Ndifika bwanji, nanga ndigone mbali iti ya mzinda?

Kuchokera ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 65 pa msewu wa M3, ndipo maminibasi ambiri amanyamukira ku Limbe. Minibasi sinyamuka isanadzaze ndipo imaima paliponse, choncho werengerani maola awiri ngakhale mtundawo ndi waufupi. Ochokera ku Lilongwe amadzera ku Balaka ndi Liwonde. Ulendo umenewu umadya gawo lalikulu la tsiku pa basi.

Pa malo ogona, funso lofunika kwa woyenda wapansi ndi lakuti malowo ali kumtunda kapena kumunsi kwa M3. Maloji a kumtunda, cha ku Mulunguzi ndi kufupi ndi munda wa zomera wa Botanical Garden, amakuyandikizani ku njira zokwerera phiri, koma madzulo mukapita kukadya m'tauni mudzabwerera mukukwera, mumdima. Maresitihausi a kufupi ndi depoti ndi otsika mtengo ndipo chakudya chili pafupi, koma kumakhala phokoso Lachisanu usiku, komanso m'mawa muyenera kuwonjezera mphindi 30 kapena 40 zokwera musanafike poyambira njira ya m'phiri. Malo a ku Matawale kapena Chinamwali ali kutali ndi zonse ziwiri, ndipo adzakufunani kabaza m'mawa ndi madzulo.

Phiri ndikwere Loweruka kapena Lamulungu?

Loweruka. Miyendo imakhala isanatope, ndipo nyengo ikavuta mumakhala ndi Lamulungu loti muyeserenso. Mukakwera Lamulungu, maganizo amakhala pa minibasi ya madzulo, ndipo munthu wothamangira basi satsika phiri mosamala. Kuyenda m'tauni tsiku lotsatira kumathandizanso kumasula akatumba olimba, kusiyana ndi kukakhala mopanikizana m'minibasi mutangotsika kumene.

Pa mapu a m'foni malo akuoneka pafupi. Ndiwerengere bwanji nthawi?

Apa ndi pamene alendo ambiri amanamizika. Mapu amaonetsa kutalika kwa njira, koma saonetsa bwino kukwera kwake. Tauni ya Zomba ili pa mamita pafupifupi 900 kuchokera pa nyanja yamchere, ku Kuchawe kumene kuli hotela ya Sunbird Ku Chawe ndi pa mamita oposa pang'ono 1,500, ndipo nsonga yaitali kwambiri, Malumbe, imapitirira mamita 2,080. Ndiye kuti kuchoka m'tauni kufika ku Kuchawe mukukwera mamita pafupifupi 600.

Okwera mapiri ali ndi kawerengedwe kamene William Naismith wa ku Scotland anakonza mu 1892: ola limodzi pa makilomita 5 alionse, kuwonjezerapo ola lina pa mamita 600 alionse okwera. Kawerengedwe kameneka ndi ka munthu wozolowera, wosapuma panjira. Ngati ntchito yanu ndi ya mu ofesi, wonjezerani theka la nthawi imene mwapeza. Njira ya makilomita 4 yokwera mamita 600 imatenga wozolowera maola osakwana awiri, koma kwa ambiri a ife ndi maola awiri ndi theka kapena atatu.

Musaganize kuti kutsika kudzatenga theka la nthawi yokwerera. Pa njira yotsetsereka kwambiri, ya timiyala ndi mizu, kutsika kumatenga pafupifupi nthawi yofanana ndi kukwera.

Chinanso choyenera kudziwa ndi nthawi yolowera dzuwa. Mu Juni limalowa cha m'ma 5:15 madzulo, mu Disembala cha m'ma 6:10, ndipo pakangotha mphindi 25 kunja kumakhala kutada. M'nkhalango ya paini mumada msanga kuposa pamenepo. Werengerani chobwerera m'mbuyo: ngati kutsika kukutengerani maola awiri ndi theka mu Juni, muyenera kukhala mutayamba kutsika pofika 2 koloko masana.

Ndikwere pa Potato Path kapena pa msewu wa phula?

Potato Path ndi njira yachidule ya wapansi imene imachokera kumtunda kwa tauni n'kukwera molunjika mpaka kufupi ndi Kuchawe. Ndi yokongola, mumakhala mithunzi malo ena, ndipo mukatembenuka mumaona tauni yonse ili pansi panu. Koma ndi chikweza chenicheni, chosapatsa mpumulo, ndipo ili ndi tinjira tambiri topatuka ta anthu otola nkhuni. Dothi lake lofiira likanyowa limaterera koopsa.

Msewu wa phula umakhotakhota, ndi wautali kuposa njira yachiduleyo, koma kukwera kwake ndi kwa pang'onopang'ono ndipo simungasochere. Vuto lake ndi magalimoto, makamaka malole onyamula mitengo ndi njinga zolemedwa ndi nkhuni zimene zimatsika mwaliwiro, mabuleki ake osadalirika. Yendani kudzanja lamanja kuti muziona zimene zikubwera kutsogolo kwanu, ndipo pa makona akuthwa khalani kumene woyendetsa angakuoneni akadali patali. Osavala zomvera m'makutu.

Ife timalangiza kukwera pa Potato Path m'mawa kukadali kozizira, n'kutsika pa msewu. Njira yotsetsereka ndi yosavuta kuikwera kusiyana ndi kuitsika, ndipo madzulo miyendo itatopa ndi bwino kukhala pamalo pamene mungapeze galimoto kapena njinga yamoto zikavuta. Mvula ikagwa usiku, isiyeni Potato Path, kwerani pa msewu.

Mukakumana ndi amayi osenza nkhuni kapena abambo onyamula matabwa akutsika, patukani ndinu. Munthu wosenza katundu wolemera pa mtsetse sangaime mwadzidzidzi kapena kutembenuza khosi. Apatseni moni, «Mwadzuka bwanji mayi», ndipo ngati mukukayika njira afunseni atafika poti angaime. Safunsa anadya phula, ndipo iwowa njirazi amaziyenda tsiku ndi tsiku.

Kodi wolondolera alendo ndi wofunikadi?

Pa msewu wa phula ndi m'tauni, ayi. Pa Potato Path ndi m'njira za pamwamba, inde, makamaka pa ulendo woyamba. Pamwamba pa phiri pali misewu yambiri yafumbi ya a zankhalango yofanana maonekedwe, zikwangwani n'zochepa, ndipo mitengo ikadulidwa dera lina malo amasintha kotero kuti ngakhale amene anafikako kale amasokonezeka. Wolondolera amadziwanso njira zimene zagumuka ndi mvula komanso malo amene si bwino kuyendako muli awiri okha.

Mupezeni kudzera kumalo amene mwagona kapena ku Kuchawe, osati munthu wongokutsatirani pamsewu. Musananyamuke gwirizanani zinthu zinayi: malo amene mukafike, nthawi yobwerera, mtengo wonse wa gulu lonse, ndiponso ngati chakudya chake chili pa inu. Mikangano yambiri imabwera chifukwa wina ankaganiza kuti mtengowo ndi wa munthu mmodzi pamene mnzake ankati ndi wa gulu. Muuzeninso zoona za mphamvu zanu. Anyamata amenewa amakwera phirili mofulumira kwambiri, ndipo mukachita manyazi kunena kuti achepetse liwiro, mudzatha mphamvu ola loyamba lomwe.

Ndikafika pamwamba, ndione chiyani?

Zimadalira mmene mwafikira. Ngati mwakwera wapansi kuchokera m'tauni ndipo mudzatsikanso wapansi, maola asanu kapena asanu ndi limodzi atha kale pa kukwera ndi kutsika kokha. Otsalawo akukwanirani ulendo waufupi wotsata mtsinje wa Mulunguzi: kuyambira pa damu la Mulunguzi, kupita ku mathithi a Mandala, kudutsa pamalo otchedwa Trout Farm, mpaka ku mathithi a Williams. Njira imeneyi ili ndi mitengo yachilengedwe, mthunzi ndi mbalame zambiri, ndipo siyokwera kwambiri. Damu la Mulunguzi ndi limene limamwetsa mzinda wonse wa Zomba, choncho si malo osambira kapena kuchapira.

Malo awiri otchuka oonera kutali ali kum'mawa, kupitirira damu laling'ono la Chagwa. Queen's View inatchedwa dzinali chifukwa cha mayi wa Mfumukazi Elizabeth II amene anacheza m'dziko muno mu 1957, ndipo Emperor's View ndi chikumbutso cha ulendo wa Haile Selassie, mfumu ya Ethiopia, mu 1965. Kunja kukayera mumaona mzinda wonse, chigwa cha Phalombe, nyanja ya Chilwa ndi chilumba cha Chisi, ndiponso phiri la Mulanje kutali uko. Kuchoka ku Kuchawe kupita kumeneko n'kubwerera ndi ulendo wa maola asanu kapena kuposerapo. Kuuphatikiza ndi kukwera kuchokera m'tauni ndiye kuti tsiku la maola khumi, limene ndi la anthu ozolowera okha. Ngati mtima wanu uli pa malo amenewa, kwerani pa galimoto kapena njinga yamoto mpaka ku Kuchawe m'mawa kwambiri, musunge miyendo, kapena mugone pamwamba pomwepo Lachisanu usiku.

Kumbukirani kuti kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba mlengalenga mumadzaza utsi wa moto wolusa ndi fumbi, ndipo Mulanje saoneka bwino. Miyezi yoonera kutali ndi Epulo, Meyi ndi Juni, komanso m'mawa wotsatira mvula.

Nanga ku Chingwe's Hole?

Dzenje limeneli lili kumadzulo kwenikweni kwa phiri, pafupi ndi phompho loyang'ana chigwa cha Shire, ndipo anthu amasimba kuti kalekale ankaponyamo anthu. Ndi kutali ndi Kuchawe, ulendo wa tsiku lathunthu paokha. Pa masiku awiri, lisiyeni, pokhapokha mutasankha kuti Loweruka lonse likhale la kumeneko ndipo muyambire pamwamba. Mukafikako musayandikire m'mphepete: pakamwa pa dzenjelo pali mitengo ndi udzu wobisa malire ake.

Ndivale chiyani, ndinyamule chiyani?

Nsapato ndiye nkhani yaikulu. Sizifunika kukhala zodula. Za pa kaunjika zikwanira bola kunsi kwake kukhale ndi mano ogwira dothi, ndipo zikhale zoti mwaziyendera kale. Nsapato yatsopano imatulutsa matuza ola lachiwiri. Ikhale ndi mpata wokwana chala chimodzi cha m'manja kutsogolo kwa zala za kuphazi, chifukwa potsika phazi limasendera kutsogolo, ndipo nsapato yothina imadetsa zikhadabo mpaka kuzichotsa. Patapata ndi nsapato zosalala kunsi zisiyeni kuchipinda. Valani sokosi zochindikala ndipo tengani zina zosinthira.

Ngakhale m'tauni mukutentha, tengani juzi kapena jekete. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse okwera, ndipo pamwamba pamaomba mphepo. Munthu wonyowa ndi thukuta akaima kuti adye, amayamba kunjenjemera pakangopita mphindi zochepa. Buluku lalitali kapena chitenje chokulunga bwino chimateteza miyendo ku udzu ndi nkhupakupa.

M'chikwama cha kumsana, cha malamba awiri kuti manja akhale omasuka, muikemo madzi, chakudya, tochi yeniyeni osadalira ya pafoni, pulasitala, bandeji imodzi yotamuka, chipewa, jekete ya mvula kapena pepala lalikulu la pulasitiki, ndi jumbo ya zinyalala. Chikwama chonse chisapitirire makilogalamu 6 kapena 7. Ndodo yofika m'chiuno kapena kupitirira pang'ono imathandiza kwambiri potsika.

Mukamva malo ena a phazi akutentha, imani pomwepo, vulani nsapato, pukutani phazi, matanipo pulasitala. Mukadikira kuti mufike kaye pamwamba, thuza likhala litatuluka kale. Thuza laling'ono musaliboole.

Madzi angati, chakudya chotani?

Malita awiri pa munthu m'miyezi yozizira, atatu mu Okutobala ndi Novembala. Imwani pang'onopang'ono mphindi 20 zilizonse, osadikira ludzu. Mutu ukayamba kupweteka ndipo mkodzo uli wachikasu kwambiri, ndiye kuti madzi achepa m'thupi. Tengani paketi ya Thanzi ORS. Ngati palibe, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Zimathandizanso pamene akatumba ayamba kukokana.

Madzi a m'mitsinje ya m'phiri amaoneka oyera, koma kumtunda kwake kumadutsa anthu ndi nyama. Musamwe osathira mankhwala monga WaterGuard ndi kudikira mphindi 30.

Idyani musananyamuke, koma osati nsima yambiri. Phala, tiyi ndi buledi kapena mbatata yophika zimakhala bwino m'mimba pokwera. Panjira tengani nthochi, mtedza wokazinga, mazira owiritsa, zitumbuwa kapena chigumu, ndipo muzidya kangachepe ola lililonse. Zonsezi gulani Lachisanu madzulo, chifukwa nthawi yonyamukira, 6 koloko m'mawa, ogulitsa ambiri amakhala asanayale. Cha ku Kuchawe anyamata amagulitsa zipatso za m'phirimo monga masitiroberi, mabulosi, jamu ndi magalagadeya malinga ndi nyengo yake. Zitsukeni ndi madzi anu akumwa musanadye. Mowa usungeni mpaka mutatsika.

N'chifukwa chiyani mawondo amapweteka potsika, ndipo ndingatani?

Pokwera, minofu ya ntchafu imakankha thupi. Potsika, minofu yomweyo imagwira ntchito ya mabuleki, ndipo phazi lililonse likaponda bondo limalandira kulemera koposa kwa thupi lanu. Ndi chifukwa chake ululu wa m'ntchafu umabwera tsiku lotsatira, n'kukula kwambiri tsiku lachiwiri.

Musanayambe kutsika mangani zingwe za nsapato mothinitsa pamwamba pa phazi kuti lisasendere kutsogolo. Pondani mapazi afupiafupi, mawondo opindika pang'ono, osawongola mwendo n'kuponda ndi chidendene mwamphamvu. Musapendekere kumbuyo, chifukwa ndi pamene mapazi amathawa n'kukugwetsani chagada. Thupi likhale pamwamba pa mapazi. Pamalo otsetsereka kwambiri tsikani cham'mbali, ndodo ili kutsogolo. Masamba ouma a paini ndi timiyala tating'ono pa dothi louma zimaterera ngati therere, choncho musanyengeke poona kuti kunja kuli ng'amba. Mukamva miyendo ikunjenjemera, khalani pansi mphindi zisanu, mudye kanthu.

Mukabinya phazi, musavule nsapato ngati mukadali ndi mtunda woyenda, chifukwa likatupa silidzalowanso. Mangani bandeji pamwamba pa nsapatoyo, lunjikani ku msewu wapafupi, mupeze chokwera.

Nyengo yabwino ndi iti, ndipo ndichite chiyani ikasintha?

Kuyambira Epulo mpaka Ogasiti ndi nthawi yabwino yoyenda: kozizira, njira zouma, mathithi akadali ndi madzi. Vuto la miyezi imeneyi ndi chiperoni, mphepo yachinyezi yochokera kum'mwera chakum'mawa imene imabweretsa nkhungu ndi mvula yowaza, nthawi zina masiku angapo. M'mawa yang'anani phiri muli m'tauni: ngati mutu wake waphimbika, musapite ku malo oonera kutali, palibe chimene mukaone ndipo m'mphepete mwa maphompho mumabisika. Nkhungu ikakupezani muli pamwamba, khalani pamodzi, tsatirani msewu waukulu wafumbi, musadule njira.

Seputembala mpaka Novembala kumatentha. Yambani m'bandakucha, 5:30 m'mawa, kuti 9 koloko ikupezeni muli pamwamba.

Disembala mpaka Malichi ndi dzinja, ndipo mvula yamabingu imakonda kubwera masana. Mukaona mphezi werengani masekondi mpaka bingu limveke: masekondi atatu ndi kilomita imodzi. Akachepera 30, chokani pamalo okwera ndi poyera, ndipo musabisale pansi pa mtengo woima wokha. Mvula ikagwa masiku angapo motsatizana, musakwere konse. Dothi la m'mapiri likakhuta madzi limagumuka, monga zinachitikira m'mapiri a chigawo cha kum'mwera nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023. Timitsinje timene m'mawa munadumpha mosavuta timadzaza m'kanthawi kochepa. Dikirani madzi aphwe, musawoloke.

Kodi kuli nyama zoopsa?

Zimene mudzakumana nazo kawirikawiri ndi zazing'ono. Linthumbu limadutsa njira mumzere wakuda, makamaka nthawi ya mvula. Lidumpheni, ndipo musaime kapena kukhala pansi musanayang'ane. Chitedze chimapezeka m'zitsamba za kumunsi kwa phiri nyengo yachilimwe. Chikakukhudzani musakande, chifukwa kukanda kumalowetsa ubweya wake m'khungu. Matanipo pulasitala n'kumatula kangapo, kenako tsukani ndi sopo. Anyani ndi apusi alipo: musawapatse chakudya ndipo musasiye chikwama chotsegula.

Njoka zimathawa zikamva mapazi. Yang'anani pamene mukuponda ndi pamene mukugwira pa miyala. Wina akalumidwa, musatemepo, musayamwe, musamange mothinitsa. Mkhazikeni phee, chotsani mphete ndi zibangili, mwendo usagwedezeke, ndipo mumnyamule mpaka pa msewu kupita ku Zomba Central Hospital. Udzudzu ndi wochepa pamwamba koma m'tauni ulipo, choncho gonani m'neti.

Lamulungu m'tauni ndiyende bwanji kuti ndisangokwera ndi kutsika pachabe?

Yambirani kumtunda, muzitsika pang'onopang'ono, mukathere ku depoti. Mukayamba kumunsi mudzakwera dzuwa litatentha ndi miyendo ya dzulo.

Malo oyambira abwino ndi Botanical Garden, munda wa zomera umene unayambika mu 1891 pansi pa Alexander Whyte, katswiri wa zomera amene anagwira ntchito ndi Harry Johnston, mtsogoleri woyamba wa boma la atsamunda. Mtsinje wa Mulunguzi, womwe uja munautsata dzulo pamwamba, umadutsa m'mundamo, ndipo pali mitengo ikuluikulu, nsungwi ndi timilatho. Amalipiritsa kangachepe pachipata. Ola limodzi likwanira, koma ndi malo oti munthu angakhalemo m'mawa wonse.

Pafupi pomwepo pali nyumba ya nsanja ziwiri imene John Buchanan anamanga mu 1886 kuti mukhale kazembe wa Britain. Ndi imodzi mwa nyumba zakale kwambiri m'Malawi. Pambuyo pake inakhala Government Hostel, kenako Hotel Masongola. M'dera lomweli muli nyumba yakale ya malamulo. Zomba inali likulu la dziko kuyambira 1891 mpaka 1975 pamene likulu linasamukira ku Lilongwe, koma aphungu anapitiriza kukumana ku Zomba mpaka 1994. Muzitsika pang'onopang'ono m'misewu ya mithunzi, mukuona maofesi akale a njerwa zofiira ndi makonde aatali, bwalo la gofu ndi Gymkhana Club. Ku National Archives, kosungira zolemba zakale za dziko, ndi ofesi ya boma yotsegula masiku a ntchito, choncho ofuna kuwerengako akonze zofika Lachisanu m'mawa.

Mukafika pa M3 muli ndi zosankha ziwiri. Cha kumbali ya Blantyre kuli chipilala cha wotchi chokumbukira asilikali a King's African Rifles amene anafa pa nkhondo, pafupi ndi Cobbe Barracks. N'choyenera kuchiona, chifukwa Amalawi ambiri, asilikali ndi amtengatenga omwe, anathera pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Mbali inayo, kutsika ku Chirunga, kuli University of Malawi, imene ambiri akuitchulabe Chanco. Dzinali linachokera ku Chancellor College, imene inasamukira ku Zomba mu 1973. Zonse ziwiri wapansi n'zotheka, koma ngati basi ikudikira sankhani chimodzi.

Malizani ndi msika waukulu, pafupi ndi mzikiti ndi depoti. Lamulungu m'mawa umakhala wozizirirapo poti anthu ali ku mapemphero, koma masana umadzuka. Kuli matemba ndi milamba ya ku Chilwa, mpunga wa m'madambo a Likangala ndi Domasi, mbatatesi ndi zipatso za m'phiri. Gulani pomaliza kuti musayende ndi katundu tsiku lonse, ndipo chikwama chikhale kutsogolo m'malo opanikizana.

Kodi ndingajambule zithunzi paliponse?

Ayi. State House ya ku Zomba ikadali nyumba ya mtsogoleri wa dziko, ndipo Cobbe Barracks, ndende ya Zomba ndi malo a apolisi ndi otetezedwa. Musalozeko foni kapena kamera, ngakhale muli kutsidya kwa msewu. Pa chipilala cha asilikali funsani kaye amene ali pamalopo. Anthu a mumsika ndi osenza nkhuni m'phiri musawajambule osapempha; akakana, thokozani n'kupitirira.

Tili ndi ana ndi agogo. Titani?

Musawakweze pa Potato Path. Pitani nawo pa galimoto mpaka ku Kuchawe, muyende nawo kufupi ndi damu ndi ku mathithi a Mandala, maola awiri basi. Pa mathithi gwirani ana padzanja, miyala yonyowa imakhala ndi ndere. Amene ali ndi vuto la mtima, mphumu kapena kuthamanga kwa magazi afunse dokotala asanakonze zokwera, ndipo mankhwala awo akhale m'thumba mwawo, osati m'chikwama cha wina amene angatsogole. Pagulu, woyenda pang'onopang'ono ndiye akhale patsogolo.

Ndikatopa, kabaza angandithandize?

M'tauni, inde. Kabaza wa njinga yakapalasa amayenda bwino kumunsi, cha ku Matawale, ku Chirunga ndi ku Mpondabwino, koma pa chikweza mudzatsika n'kuyenda pambali pake. Wokwera mtunda ndi wa njinga yamoto. Gwirizanani mtengo musanakwere, pemphani chipewa chodzitetezera, ndipo potsika phiri muuzeni momveka kuti, «Achimwene, tiyende pang'onopang'ono». Pamwamba zokwera sizipezeka nthawi zonse, makamaka madzulo, choncho tengani nambala ya woyendetsa mmodzi musanakwere.

Ndalama, foni ndi zina zotsala?

Mabanki ndi ma ATM ali m'tauni, pamwamba kulibe. Tapani Lachisanu ndipo mukhale ndi ndalama zing'onozing'ono zogulira zipatso, kulipira pachipata ndi kabaza. Airtel Money ndi Mpamba zimagwira m'tauni, koma m'zigwa za pamwamba netiweki imasowa, ndipo foni ikamasakasaka netiweki batire imatha msanga. Tsitsani mapu a derali muli kumalo ogona, tchajani foni usiku poti magetsi akhoza kuzima, ndipo uzani a pamalo ogonawo njira imene mwadzera ndi nthawi imene mubwere.

Musakoleze moto kapena kutaya chotsalira cha ndudu m'nkhalango. M'chilimwe masamba a paini amayaka mwachangu, ndipo phiri lopanda mitengo silisunga madzi amene mzinda ukumwa. Mabotolo ndi majumbo tsikani nawo.

Ndinyamuke nthawi yanji Lamulungu?

Opita ku Blantyre akhale pa depoti pofika 3 koloko masana, kuti akafike ku Limbe kusanade ndipo akapeze minibasi yopita kwawo. Opita ku Lilongwe anyamuke isanakwane 11 koloko m'mawa, ndiye kuti ulendo wa m'tauni auyambe 7 koloko n'kusiya ku Chirunga ndi ku chipilala. M'minibasi pemphani mpando umene mungawongole miyendo, masulani zingwe za nsapato, ndipo madzi otsala akhale pafupi.